Mayi, musasaine kaye kontrakiti ya bukulo

Mwati mwamaliza kulemba buku lanu loyamba, kampani ina yosindikiza mabuku yalikonda koma ikufuna musaine kontrakiti yowapatsa ufulu wonse pa bukulo mpaka kalekale, komanso mulipireko ndalama zosindikizira. Ndiye mukufunsa ngati muyenera kulilembetsa kaye kuti lisabedwe komanso ngati musaine.

Za kubedwazo mtima m'malo. Copyright, womwe ndi ufulu wa umwini wa zomwe mwalemba, imabwera yokha mukangolemba, sipafunika kulembetsa kaye, zimenezi zili m'pangano la Berne la 1886 lomwe maiko opitirira 170 amatsatira, ndipo chitetezocho chimakhala moyo wanu wonse kuphatikiza zaka zosachepera 50 mutamwalira, m'maiko ena zimafika zaka 70. Koma dziwani kuti lamulo limateteza mawu anu m'mene mwawalukira, osati ganizo la nkhaniyo. Sungani zolemba zanu zoyambirira ndi imelo yomwe munatumizira bukulo, umboni wanu ndi umenewo. ISBN si umboni wa umwini ayi, ndi nambala yozindikiritsa buku kwa ogulitsa basi.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi kontrakitiyo. Muyang'anemo mawu awiri awa, assignment ndi licence. Ikakhala assignment ndiye kuti umwini mwaupereka, buku lomwe munachezera nalo usiku si lanunso, ngakhale mutafuna kulimasulira m'chilankhulo china muzikapempha chilolezo kwa iwo. Licence ndi kuwabwereka chabe, inu mwini mukhalabe mwini. Ndiye apempheni licence ya zaka zowerengeka, yotchula chilankhulo ndi maiko omwe azigulitsako, ndipo za filimu, sewero, kumasulira ndi buku lomvetsera zikhale m'manja mwanu pokhapokha ngati akulipirani padera.

Pa royalty, ndalama zomwe inu mlembi mumalandira buku likagulidwa, musangoona peresenti yokha, funsani kuti akuiwerengera pa mtengo wa pachikuto kapena pa ndalama zomwe kampani imatsala nazo ogulitsa atadula gawo lawo, chifukwa kusiyana kwake ndi kwakukulu ndithu ndipo alembi atsopano ambiri amagwa pomwepa. Alembe kuti azikupatsani lipoti la mabuku ogulitsidwa kangati pachaka. Alembenso tsiku lotulutsira bukulo ndi kuti akalephera, akasiya kulisindikiza kapena kampani ikagwa, ufulu wonse ubwerere kwa inu. Ndime imeneyi musalole kuti isowe chonde. Onaninso kuti dzina lanu likhala pa bukulo ndipo sangasinthe nkhani popanda inu kuvomera, m'maiko ena ufulu umenewu munthu amatha kuusiya posaina ndiye muwerenge bwinobwino. Ngati muli ndime yomangirira buku lanu lachiwiri kwa iwo, ichotsedwe.

Za kulipirazo ndinene mosabisa, wosindikiza weniweni amaika ndalama zake poyembekeza kuti buku ligulidwa. Mukalipira inu ndiye kuti ndinu kasitomala, mwagula ntchito, choncho umwini ndi mafayilo onse akhale anu. Kulipira komanso kupereka umwini, zimenezo ayi.

Alembereni imelo yotchula ndime zomwe mukufuna zisinthidwe, zolonjezana pakamwa kapena pafoni n'zovuta kuzitsimikiza kukhoti. Akayankha, pitani ndi kontrakiti yonse kwa loya wa m'dziko lanu aiwerenge musanasaine popeza malamulo a kontrakiti amasiyana dziko ndi dziko, ndipo mukasaina mutenge kope lanu lomwe mbali zonse ziwiri zasainapo.