Kodi chikhulupiriro changa chazilala?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, dzina lawo ndisunga. Analemba kuti: "Kale ndinkaimba kwaya, mapemphero a pakati pa sabata sindinkajomba, odwala ndinkawayendera. Chaka chatha bambo anga anadwala sitiroko, mbali imodzi ya thupi inafa, kuyankhula nakonso kukuvuta. Ndikaweruka kuntchito ndimathamangira kunyumba kukawasamalira. Kutchalitchi ndimangofika Lamulungu lokha, ndiye mwina n'kumawodzera ulaliki uli mkati. Ndimadziona ngati Mkhristu wa dzina lokha. Kodi chikhulupiriro changa chazilala?"

Mayi, zikomo pondiuza zakukhosi. Yankho langa ndi lakuti ayi, sichinazilale. Mukuti kale munkayendera odwala. Nanga amene mukuwasambitsa m'mawa uliwonsewo si odwala? Kale munkapita kamodzi pa sabata, kupemphera, kutsanzika, n'kubwerera kwanu. Lero ndinu amene mumawatembenuza pakati pa usiku kuti asatuluke zilonda kumsana, kusintha zofunda zikanyowa, kuwagwira m'khwapa pokhala pampando, kudikira modekha mpaka liwu limodzi lituluke pakamwa pawo. Ntchito ndi yomweyo, kungoti tsopano palibe amene akukuonani.

Nkhani imeneyi Yesu anaikamba mosapsatira mawu. Pa Marko 7:9-13 anadzudzula Afarisi ndi alembi chifukwa ankalola munthu kunena kuti chuma chake ndi "Korbani", kutanthauza choperekedwa kwa Mulungu, pofuna kuzemba kuthandiza makolo ake. Yesu anati kuteroko n'kuphwanya lamulo la Mulungu yemweyo. Paulo naye pa 1 Timoteo 5:4 akuti ana ndi adzukulu ayambe kuonetsa kupembedza kwawo m'banja mwawo momwe, pobwezera zabwino kwa makolo. Ndipo Ambuye ali pamtanda, ululu uli pachimake, anakumbukira kupereka amayi awo m'manja mwa wophunzira amene ankamukonda kuti awasunge.

Vuto ndi ife a mumpingo, tinazolowera kuyeza chikhulupiriro cha munthu ndi zinthu zooneka kuguwa. Amene ali m'makomiti atatu timati ndi wolimbikira, amene wasowa milungu ingapo timati wabwerera m'mbuyo, osafunsa n'komwe chomwe chamugwira. Zimandipweteka, chifukwa inenso ndinakhalapo woyeza anthu mwa njira imeneyo.

Tsiku lina mnyamata amene anandikonzera denga lodontha anabwera madzulo kudzatenga malipiro ake. Anandipeza pakhomo, Baibulo lili m'manja, ndikuthamangira kukatsogolera phunziro. Ndalama zinali m'nyumba momwemo, koma ndinaona ngati kubwerera kundichedwetsa, ndiye ndinangoti, "Ubwere mawa." Sanadandaule. Anangopukuta manja pathalauza, n'kuti, "Chabwino bwana," ulendo. Patapita miyezi ndinawerenga Levitiko 19:13, pamene pakuti malipiro a waganyu asagone kwa iwe kufikira m'mawa, nkhope yake inandibwerera yonse. Sindidziwa kuti kunyumba kwake anagona bwanji usiku umenewo. Phunziro lija linayenda bwino, anthu anandiyamikira, koma Mulungu anali atandidikira pakhomo paja, ine n'kumulambalala.

N'chifukwa chake ndimakonda kwambiri Luka 3:10-14. Anthu atamva ulaliki wa Yohane Mbatizi anafunsa kuti achite chiyani. Yohane ankakhala m'chipululu, koma sanauze aliyense kuti asiye ntchito n'kumutsatira kumeneko. Amene anali ndi malaya awiri anamuuza kuti apatseko wopanda. Okhometsa msonkho anawauza kuti asalipiritse kuposa zimene analamulidwa. Asilikali anawauza kuti asalande za anthu mowaopseza, asanamizire munthu, akhutire ndi malipiro awo. Aliyense anabwezedwa pamalo pake pomwe, kuti akalape kumeneko. Muganizenso za Tabita wa ku Yopa, pa Machitidwe 9. Ulaliki wake sunalembedwe ngakhale umodzi. Atamwalira, amayi amasiye anamuzungulira Petro akulira, n'kumamuonetsa malaya ndi zovala zomwe Tabita ankasoka. Umboni wake anauvala anthu.

Komabe ndisakunamizeni kuti kugwira ntchitoyo kokha n'kokwanira. Munthu wotopa lilime limaterereka. Nkhondo yanu panopa ili pa liwu lomwe mungayankhe bambo akakuitanani kachitatu usiku umodzi, kapena m'bale amene saonekera akaimba foni n'kuyamba kukulangizani kasamalidwe. Masiku ena mudzalephera, mudzakalipa. Zikatero bwererani, khalani pambali pa bedi, muwagwire dzanja lamoyolo n'kuti, "Pepani bambo, ndinatopa." Kupepesa kumeneko ndi pemphero ndithu.

Chinanso, musadzipatule. Mutu umodzi susenza denga, ndipo Agalatiya 6:2 akutiuza kuti tinyamulirane zothodwetsa. Anthu ambiri amafuna kuthandiza, koma mukangoti "mutipempherere" amapempheradi n'kuthera pomwepo. Auzeni abusa kapena akulu a mpingo chenicheni chomwe mukusowa: munthu wokhala ndi bambo maola awiri Loweruka kuti inu mugoneko, wina wowaperekeza kuchipatala tsiku lokaonana ndi dokotala, Mgonero wa Ambuye kuwabweretsera kunyumba. Kupempha sikuchititsa manyazi. Mukuwapatsa mpata woti nawonso chikhulupiriro chawo chigwire ntchito. Za kuwodzera m'tchalitchi musadziimbe mlandu, thupi likungofuna zake. Eliya atagwa mphwayi pansi pa mtengo, mngelo sanamukalipire, anamudyetsa n'kumulola agonenso.

Mwati munkaimba kwaya. Anthu ena amene sitiroko inawalanda mawu amathabe kuimba nyimbo zomwe ankazidziwa kale, ngakhale kuyankhula kukukanika. Sindikulonjeza kuti ndi bambo anu zidzatero, koma yesani. Mawa powasambitsa, sankhani nyimbo yomwe ankaikonda muli mwana, muyambe motsitsa ndi mosathamanga, ndipo pakolasi musiye kampata, muone ngati milomo yawo igwedezeke. Mudzandilembere mmene zayendera, ine ndikhala ndikukutchulani nonse awiri m'mapemphero.