Kodi a Ozzie Newsome tiziwatchula manijala, kapitawo kapena mzondi?

Wowerenga wina amene amakhala ku Maryland, ku America, walemba kuti: "Amalume kumudzi akandifunsa za mpira wa kuno mawu amandithera. Ozzie Newsome wa timu ya Baltimore Ravens, amene kuno ankati general manager, ndizimutchula chiyani m'Chichewa? Mphunzitsi?"

Mphunzitsi ayi, chonde. Ku Ravens bambo amenewa sankaima pabwalo n'kumauza anyamata kothamangira. Ntchito yawo inali yosankha amene alowe m'timu, kukambirana nawo za malipiro, ndi kutsanzika amene mphamvu zawathera. Anasewera ku Cleveland Browns kuyambira 1978 mpaka 1990, kenaka n'kulowa mu ofesi. Timuyo itasamukira ku Baltimore mu 1996 n'kukhala Ravens, anasankha Jonathan Ogden ndi Ray Lewis tsiku limodzi, onse awiri n'kudzakhala akatswiri osaiwalika. Mu 2002 anakhala munthu wakuda woyamba kupatsidwa udindo wa general manager mu NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America.

Achinyamata angothamangira "manijala". Liwu limeneli landikwana. Woyang'anira golosale ndi manijala, wa banki manijala, wosunga makiyi a resitihausi nayenso manijala. Liwu lovala aliyense ngati chitenje cha pamaliro silikuuzani kanthu.

"Kapitawo" ndimalikonda, ngakhale nalonso n'lobwereka, linachokera ku Chipwitikizi. Koma agogo anga, amene anagwirapo ntchito ku esiteti ya fodya, ankati kapitawo ndi uja amakuima kumsana ukamalima. Salemba munthu ntchito. Choncho apa silikwana.

Tsono tamvani za "kuzonda". Timati kuzonda adani, timatinso kukazonda wodwala. Anthu amadabwa kuti liwu limodzi likhala bwanji la nkhondo ndi la chifundo pomwe. Ine ndikuti tsinde lake n'limodzi: kupita wekha kukaona ndi maso ako mmene zinthu zilili, osadalira zakumva. Ndi zimene amachita aja oyendayenda m'mayunivesite a ku America kuonerera anyamata akusewera, n'kubwerako ndi malipoti. Amenewo ndi azondi enieni, ndipo a Newsome anayambira komweko. Ena adzati liwuli likununkha ukazitape. Linunkhe! Nanga munthu wokhala phee pakona ndi kabuku, akulemba za mwana wa eni, mungamutchule chiyani?

Koma amene akwera kufika pa udindo wa a Newsome salinso mzondi, ndi wotuma azondi. Amalume anu auzeni kuti "mkulu wosankha osewera", adzamva osafunsanso. Mukawauza kuti m'chaka chawo chomaliza paudindowu, 2018, anasankha Lamar Jackson pa nambala 32 pa mwambo wosankha osewera atsopano, matimu ambiri atamulambalala, adzangoti mkuluyo anali ndi diso.

Vuto lina ndi dzina la mpirawo. Mukati wamiyendo mwanama, poti amaunyamula m'manja. Mukati wamanja, amalume aganiza za ntchemberembaye. Ingonenani kuti mpira wa ku America.