Makamera akungooneka ndikakhala pakhomo

Funso: Akulu, ndinaika makamera anayi pakhomo. Ndikakhala pa Wi-Fi ya m'nyumba foni imaonetsa bwinobwino, koma ndikangotuluka pageti, zii! Ndalakwitsa pati?

Yankho: Simunalakwitse, achimwene, nkhani ndi NAT, njira imene rauta (kabokosi ka Wi-Fi) imagawira intaneti ku zipangizo za m'nyumba. Rauta yanu ili ndi adiresi imodzi yokha yodziwika kunja. Zipangizo za m'nyumba zimabisala kumbuyo kwake ndi maadiresi amene kawirikawiri amayamba ndi 192.168. Ndiye foni yanu ikagogoda kuchokera kunja, rauta siidziwa kuti mlendoyu wadzera yani, imangomutsekera.

Lowani mu rauta, kawirikawiri pa 192.168.1.1. Ipatseni DVR, bokosi lija losunga zimene makamera ajambula, adiresi yosasintha, tinene 192.168.1.50, apo ayi mawa ikhoza kupatsidwa ina. Kenako pa Port Forwarding lozetsani port 554 ya TCP ku adiresiyo (port ili ngati khomo la nambala lolowera kuchokera kunja), pamodzi ndi ma port ena amene DVR yanu yalemba. Poyesa, zimitsani Wi-Fi pafoni, mulowe ndi deta.

Koma musanatuluke thukuta pachabe, suzumirani mu rautamo adiresi ya WAN, ija imene rauta yapatsidwa ndi kampani ya intaneti. Ikayamba ndi manambala a pakati pa 100.64 ndi 100.127, ndiye kuti kampani ya intaneti yakuunjikani ndi anthu ena pa adiresi imodzi. Pamenepo port siingatseguke, apempheni public IP, adiresi yanuyanu yodziwika kunja.

Pasiwedi ija ya “admin” imene zipangizozi zimabwera nayo ndiye ndimadana nayo kwabasi. Isintheni musanatsegule port.