Kodi chikwangwani cha UV chingapirire dzuwa la ku Ngabu?

Mayi ena amene ali ndi shopu ya mbewu, feteleza ndi mankhwala a ziweto pa Ngabu anditumizira imelo. Akuti banner (chinsalu cha pulasitiki cholembedwa) imene anakhoma pamwamba pa khomo chaka chatha yasuluka, zilembo zofiira zayezuka, m'mbali mwayamba kung'ambika. Osindikiza ena ku Blantyre awauza kuti apangitse chikwangwani cha UV, koma mtengo wake ndi wokwera. Akufunsa ngati sakataya ndalama kachiwiri.

Zikomo mayi. Ine ndikuti pangitsani, koma mudziwe chimene mukulipira.

Makina ambiri a banner amagwiritsa ntchito inki ya solvent, imene imalowerera m'pulasitiki n'kumauma pang'onopang'ono. Makina a UV amapopera timadontho ta inki, ndipo pambali pa mutu wopoperawo pamayenda nyale ya kuwala kwa ultraviolet (UV), masiku ano kawirikawiri ya LED, imene imalimbitsa inkiyo nthawi yomweyo. Inki siilowa mkati, imakhala pamwamba, moti mukapapasa ndi chala mumaimva. N'chifukwa chake makinawa amatha kulemba mwachindunji pa thabwa, pa galasi, pa acrylic ngakhale pa aluminiyamu, popanda kumata sitika. Ambiri ali ndi inki yoyera yomwe, choncho amalemba bwino ngakhale pa bolodi lakuda.

Koma nyale ija ntchito yake imathera pomwepo. Chikwangwani chikafika panja, dzuwa limayamba yake. Inki ya UV imalimba ndithu, mvula siyiisukulutsa, komabe imasuluka pakapita zaka, ndipo zofiira ndi zachikasu ndi zimene zimatsogola. Dzina la shopu ndi nambala ya foni zikhale zakuda kapena zabuluu wakuda pa bolodi loyera. Zofiira mukongoletsere m'mbali basi. Muwafunsenso ngati angaike laminate, kapulasitiki koonekera mkati koteteza ku dzuwa, pamwamba pake, ndipo akuuzeni mtengo wake padera.

Nkhani yaikulu ku Chigwa cha Shire ndi bolodi lenilenilo. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye taganizani khoma loyang'ana kumadzulo limene dzuwa laliwotcha kuyambira masana mpaka madzulo. Bolodi la pulasitiki lofewa lija amati foam board limapindika pamalo otere, makamaka likasindikizidwa mitundu yakuda imene imamwa kutentha. La Correx, lopepuka lokhala ndi timabowo mkati, ndi labwino pa zidziwitso za miyezi yochepa, ngati zolengeza kuti mbewu yafika, koma likakhalitsa padzuwa limayamba kuthetheka. Inu mufunse aluminium composite, ena amangoti ACP. Ndi timapepala tiwiri ta aluminiyamu tokhala ndi pulasitiki pakati, zonse pamodzi nthawi zambiri zochindikala mamilimita 3, ndipo bolodi lathunthu limakhala mamita 1.22 mulifupi ndi 2.44 mulitali. Silichita dzimbiri, chiswe sichilikhudza. Mukasankha kukula kogwirizana ndi bolodilo, kaya lathunthu kapena theka, simulipira zidutswa zimene akataya.

Zimandipweteka kuona munthu atagula bolodi labwino n'kulikhomera ndi misomali pa mapulanga. Felemu yachitsulo ipangitseni kwa owotcherera a pa Ngabu pomwepo, aipake utoto woteteza dzimbiri. Mabowo a masikuluwu akhale okulirapo pang'ono, chifukwa aluminiyamu amafutukuka kukatentha n'kubwerera kukazizira. Akalimanga mothinitsa, bolodi limatupa pakati. Ngati khonde lanu lili ndi denga lotulukira kunja, chikwangwani chikhale pansi pa mthunziwo. Palibe laminate imene ingachite zoposa pamenepo.

Pa zithunzi samalani. WhatsApp imachepetsa chithunzi, ndipo chikakulitsidwa kufika mamita awiri chimaoneka chosweka. Chitumizeni ngati document. Asanasindikize akuonetseni kaye mmene chionekere, muwerenge nambala ya foni pang'onopang'ono, pakuti inki ikangolimba palibe kufufuta.

Koma ngati mukungofuna dzina la shopu basi, musanyoze olemba ndi bulashi a kwanu konko. Utoto wabwino pakhoma umakhalitsa, ndipo ukasuluka mumangowaitana n'kudzabwerezamo. UV ndi yoyenera mukafuna zithunzi zenizeni za matumba a mbewu, ng'ombe ndi mbuzi, zimene wogula wosadziwa kuwerenga angazindikire ali chapatali.

Tsiku lokatenga, muwauze akutire nkhope ya bolodi ndi makatoni, ndipo liyende choimika kapena chogona pamalo osalala. Msewu wa M1 wotsikira ku Chikwawa uli ndi makona ambiri, katundu amasuntha, ndipo chingwe chikamakhula pa inki chimasiya mizere imene simungaichotse.