Mapu a ngozi ya ku Japan: musayambire pamene pathithikana

Achemwali, mwati mwatsegula mapu a Japan Disasters Digital Archive (JDA), nkhokwe ya pa intaneti ya za ngozi za ku Japan, pofuna kulemba za chivomerezi cha 2011, koma mukungoona madontho ali mbwee, simukudziwa poyambira.

Musathamangire pamene pathithikana kwambiri. Nkhokwe imeneyi inakhazikitsidwa ndi Reischauer Institute ya ku yunivesite ya Harvard ku America, ndipo imasunga zithunzi, makanema, nkhani za m'nyuzipepala, mauthenga a pa Twitter ndi umboni wa anthu opulumuka. Chilichonse chodziwika malo ake amachiika pa mapupo. Ndiye pamene pachuluka zinthu nthawi zambiri ndi pamene panali anthu ambiri a mafoni ogwira netiweki, osati pamene maliro anachuluka. Ku Tokyo sitima zinaima, anthu nkuyenda wapansi usiku kubwerera kwawo, uku akulemba pa Twitter. Pomwe m'matauni a m'mphepete mwa nyanja m'zigawo za Iwate ndi Miyagi magetsi anali atathima, mafoni osagwira, ena madzi a tsunami, mafunde aakulu a m'nyanja amene anatsatira chivomerezicho, atawakokolola kale. Akanalemba ndani?

Sankhani tauni imodzi basi. Ine ndingakuuzeni Rikuzentakata, ku Iwate, komwe anthu oposa 1,700 anafa kapena kusowa. M'mbali mwa gombe lake munali mitengo ya paini pafupifupi 70,000, koma tsunami itadutsa unatsala chiimire umodzi wokha. Kokerani mapu pafupi mpaka misewu ndi mtsinje wa Kesen zioneke, kenako sefani kuti mutsale ndi zithunzi zokha. Mukakhuta nazo, sinthani muwerenge umboni.

Masiku nawonso muziwasefa. Chivomerezi chinachitika pa 11 Marichi nthawi ya 2:46 masana, mphamvu yake 9.0. Za masiku oyambirira zimakhala zachidule, za munthu wofunafuna m'bale wake kapena madzi akumwa. Nkhani zofotokoza bwino zinabwera patapita miyezi, anthu atakhala m'nyumba zongoyembekezera, mtima utayamba kukhala pansi. Mukasakaniza ziwirizi, pepala lanu lisokonekera.

Chizungu chokha sichikufikitsani patali. Koperani dzina la tauniyo m'zilembo za Chijapanizi kuchokera pa Wikipedia, mulimate posakirapo, muona zotuluka zikuchuluka. Google Translate ikuthandizani kumva mutu wa nkhani, koma mawu ake musawaike m'pepala ngati ndi momwe mwini wake ananenera.

Pali mapu ena amene ineyo ndimawaona olasa mtima kuposa awa. Nyuzipepala ya Iwate Nippo, mogwirizana ndi pulofesa wina wa ku Japan, Hidenori Watanave, inafunsa abale a omwalira za komwe munthu aliyense anali pamene nthaka imagwedezeka ndi komwe madzi anam'peza. Pa mapupo aliyense ndi kadontho koyenda. Ku Rikuzentakata mumaona timadontho tikuchoka m'nyumba, tikukasonkhana pamalo amene anauzidwa kuti ndi othawirapo, ndipo madzi anawapeza pomwepo. Ngati mukulemba za kusamutsa anthu pa nthawi ya ngozi, musawaphonye amenewo. Zikalata za boma mukazipeza pa Hinagiku, nkhokwe ya National Diet Library, laibulale yaikulu ya dziko la Japan.

Komanso mapu otere amadya bandulo koopsa, ndipo pa foni amavuta kukoka. Pezani laputopu ndi WiFi, mutsegule akaunti pa JDA kuti zimene mwapeza muzizisunga pamodzi, mawa musadzayambirenso kusaka.