Funsani Makaniko: Kodi ndichotse injekishoni pa Benz yanga yakale n'kuikapo kabuleta?

FUNSO

Ndili ndi Mercedes-Benz 280E ya chaka cha 1982 imene anandisiyira malemu bambo anga, ndipo inakhala chiimire pakhomo kwa zaka zingapo tisanaidzutse. Panopa ikuyenda, koma ikatentha n'kuizimitsa imavuta kwambiri kuti ilirenso, imatulutsa utsi wakuda, komanso ikumwa petulo modetsa nkhawa. Amakaniko awiri andiuza kuti tichotse zonse za injekishoni n'kuikapo kabuleta, poti kabuleta aliyense amadziwa kakonzedwe kake. Kodi zimenezi n'zotheka, nanga ndingachite bwino kuvomera?

Bambo wina wa ku Zomba

YANKHO

Kutheka kokha n'zotheka, bambo, chifukwa kampani ya Mercedes-Benz inkagulitsa injini yomweyi, yotchedwa M110, ya masilinda 6 ndi 2,746 cc, m'njira zonse ziwiri. Pa magalimoto a mtundu wa W123, womwe ndi mtundu wa yanuyo, 280 inali ya kabuleta ya Solex 4A1 ndipo inkatulutsa mahosipawa 156, pamene 280E ya injekishoni kuyambira 1978 inkatulutsa 185. Choncho ngakhale ntchitoyo itagwiridwa mwaluso ngati ku fakitale, mudzataya mahosipawa pafupifupi 30. Langizo langa ndi lakuti musavomere msanga, popeza m'kalata yanu simunatchule kuti pali amene anayeza mphamvu ya mafuta ndi geji, ndipo popanda kuyeza palibe amene anganene motsimikiza kuti injekishoniyo yatha ntchito.

Injekishoni imene ili m'galimoto yanu ndi K-Jetronic ya kampani ya Bosch, yomwe inayamba kuikidwa m'magalimoto mu 1973, ndipo ilibe kompyuta. Mpweya umene injini ikukoka umakankha kambale kozungulira komwe kali pansi pa sefa ya mpweya, kambaleko kamasuntha kapisitoni kakang'ono m'kati mwa chogawa mafuta, ndipo kapisitoniko kamatsegula timing'alu tating'ono zedi todutsa petulo wopita ku mainjekita 6. Zonsezi zimadalira mphamvu ya pampu yamagetsi imene ili kunsi chakumbuyo pafupi ndi thanki, yomwe imakankha petulo pa ma bar 5 kapena kupitirirako pang'ono (bar ndi muyezo wa mphamvu yokankhira mafuta m'mapaipi). Mdani wamkulu wa timing'alu timeneti ndi litsiro ndi madzi. Petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ethanol amakoka chinyontho, kotero galimoto imene yaima zaka ili ndi petulo m'thanki imachita dzimbiri ndiponso petuloyo amasanduka phula lomata m'mapaipi.

Zizindikiro zimene mwafotokoza zikuloza tizipangizo tochepa, osati dongosolo lonse. Kuvuta kulira injini ikatentha kawirikawiri kumabwera pamene akyumuleta, kachitini kokhala ndi sipuling'i komwe kali pafupi ndi pampu, kapena valavu yoletsa mafuta kubwerera m'mbuyo yatha. Ntchito ya ziwirizi ndi kusunga mphamvu ya petulo m'mapaipi injini ikazimitsidwa, ndipo mphamvuyo ikagwa msanga petulo amasanduka nthunzi chifukwa cha kutentha, n'chifukwa chake mumapukusa kiyi nthawi yaitali. Utsi wakuda ndi kumwa mafuta nthawi zambiri zimachokera ku warm-up regulator, imene imawonjezera petulo injini ikazizira n'kumuchepetsa ikatentha. Ikakhala yabwino, mphamvu imene imalamulira iyenera kukwera kufika cha pa ma bar 3.5 injini itatentha, koma waya wake wamagetsi akaduka kapena m'kati mwake mukawonongeka, injini imamwa petulo tsiku lonse ngati kudakali m'mawa wa mwezi wa June. Mainjekita odontha ndi valavu yothandiza kuliza injini yozizira nazonso ziyenera kuonedwa. Pezani makaniko amene ali ndi geji yoyezera K-Jetronic, ayeze mphamvu injini ili yozizira, itatentha, komanso patapita mphindi zingapo itazimitsidwa. Mukaona wina akuthamangira kupotokola kasikuluwu ka 3 mm kosinthira kuchuluka kwa petulo asanayeze kanthu, muletseni mwaulemu, chifukwa kasikuluwu kameneko kangathe kubisa vuto pamene injini ikungolira galimoto itaima, koma pamsewu n'kuipiraipira.

Mukasankhabe kusintha, dziwani kuti si nkhani yongogula kabuleta n'kumangirira. Pafunika manifodi ya injini ya kabuleta, chitsulo cha mapaipi olowetsa mpweya ndi petulo m'masilinda, ndipo muyenera kuyerekezera mabowo ake ndi a mutu wa injini yanu musanapereke ndalama. Malo amene munali mainjekita atsekedwe moti mpweya usalowerepo ngakhale pang'ono. Sefa ya mpweya, mawaya a choko ndi zitsulo zolumikiza kabuleta ku chopondera moto zonse zisinthidwe. Disitibyuta ayeneranso kuunikidwa, popeza nthawi imene moto umafika pa mapulagi imasintha motsatira mpweya wokokedwa m'manifodi. Ngati galimoto yanu ndi ya otomatiki, giyabokisi yake imalandira chizindikiro kuchokera ku chitsulo cha chopondera moto ndi ku paipi ya mpweya ya m'manifodi, ndipo zimenezi zikalumikizidwa mwachisawawa magiya amalowa mogunda kapena moterereka mpaka giyabokisi kupsa.

Choopsa kwambiri ndi pampu. Kabuleta imafuna mphamvu ya pakati pa 0.2 ndi 0.3 bar basi, ndipo pampu ya injekishoni ikasiyidwa momwe ilili imagonjetsa kasingano kotseka mafuta m'kabuleta, petulo n'kusefukira pa injini yotentha. Iyenera kuchotsedwa n'kuikapo pampu ya mphamvu yochepa, yolumikizidwa kudzera pa rileyi imene imaizimitsa injini ikasiya kuzungulira, kuti pangozi isapitirize kupopa petulo.

Mawu akuti kabuleta aliyense amaidziwa ndi oona pa kabuleta za magalimoto ang'onoang'ono, koma Solex 4A1 ndi ya makamwa anayi, ili ndi tizigawo tambiri, ndipo imadziwika ndi vuto lopindika chivundikiro chake ikakalamba, moti yogula ku magalimoto ophwasulidwa ikhoza kukuvutitsani kuposa chimene mwachotsa. Ena amaikapo Weber 38 DGAS pogwiritsa ntchito chitsulo cholumikizira, koma kabuleta imeneyi inkaikidwa pa injini za Ford V6 za malita atatu, choncho majeti ake, timabowo todutsa petulo, ayenera kusankhidwanso kuti agwirizane ndi injini yanu. Ndipo thanki ya dzimbiri imene yatseka injekishoni idzatsekanso majeti a kabuleta, kotero kutsuka thanki, kusintha kasefa ka pansi pake, sefa ya petulo ndi mapaipi a labala ndi ntchito imene simungaithawe m'njira zonse ziwiri. Yambani ndi imeneyi.

Ndingavomereze kusinthaku pokhapokha geji itasonyeza kuti chogawa mafuta chadyeka ndi dzimbiri m'kati, china chabwino chasowa ngakhale kwa ogulitsa masipeya a Benz zakale ku South Africa, kumene magalimoto a W123 ankamangidwa mumzinda wa East London, ndiponso mwapeza zipangizo zonse kuchokera pa injini imodzi ya 280 ya kabuleta. Zikatero, uzani amakaniko kuti asadule waya kapena paipi iliyonse yachitsulo, ndipo zonse zimene achotsa muzitsuke, muzikulunge n'kuzisunga pamalo ouma, chifukwa ogula magalimoto akale amapereka mtengo wabwinopo pa 280E imene ingathe kubwezeredwa mmene inachokera ku fakitale.