Asuweni, za mankhwala mwafunsazi

Eee, asuweni, mwadzuka bwanji kumeneko? Moni nonse m'gulumu, amayi, azakhali, ndi anawo. Dikirani nditseke chitsekochi, makina akusokosera... eya. Funso lanu ndaliona m'mawa ndili m'basi, ndati ayi, izi sizolemba, ndingoyankhula. Mwati, "Ntchito yakoyo kwenikweni ndi yotani, nanga mankhwala a khansawo udzawapeza liti, utitumizireko?" Ndaliwerenga katatu. Inu amuna anga a ku Ulongwe, zaka 9 ndili kuno ku Cape Town simunandifunsepo za ntchito ngakhale tsiku limodzi. Mumangofunsa za nsapato nambala 43 ndi batire la foni. Lero mwadzuka mukufuna kudziwa za kemisitile? Hmm. Chabwino.

Tiyambire apa: udokotala wanga ndi wa kafukufuku. Sindigwira wodwala, sindilembera munthu mankhwala. Ku Maputo, ku yunivesite ya Eduardo Mondlane kuja, ndinaphunzira kemisitile, kuno ndinadzawonjezera bayoloje, ndiye ntchito yanga ili pakati pa ziwirizi. Thupi lathuli ndi lomangidwa ndi maselo, ndipo m'selo muli mapuloteni ambirimbiri. Ena ndi amene amauza selo kuti gawikana, ena amati basi, leka. Khansa imayamba pamene wouza kuti gawikana uja wakakamira, sakumvanso zoti leka. Ndiye ineyo ndimapanga timankhwala ting'onoting'ono toti tikalowe m'kamphako ka puloteni yokakamirayo n'kuigwira kuti isatakatake. Ndikapanga ndimathira pa maselo a khansa amene timaweta m'timbale, pa kutentha kwa madigiri 37 ngati m'thupi la munthu. Ndidikire masiku atatu, ndiwerenge afa angati. Kenaka ndithirenso pa maselo abwinobwino, chifukwa chopha khansa m'mbale sichisowa, ngakhale mankhwala ochapira zimbudzi amapha. Chosowa ndi chopha khansa n'kumusiya munthuyo ali moyo.

Mbewa tili nazo, inde, zoyera mbee. Ayi asuweni, sizowamba. Ndikukudziwani inu, mukanafika pakhomo pano ndi khasu ndi mpani.

Khasu... aaa, mwandikumbutsa amalume a ku Domwe, bambo anu aakulu. Ndimawakumbuka pafupifupi tsiku lililonse pa ntchito ino, sindinakuuzenipo. Mukukumbuka pansi pa mtengo wa pichesi paja, ali pa kampando kawo ka miyendo itatu, moto uli apo, chitsulo chili pamoto? Anthu ankanena kuti mpini wa amalume umakalamba ndi mwini wake. Tsiku la msika ku Lizulu, anzawo amabwera ndi mtolo wa mipini makumi awiri, iwo asanu okha, koma dzuwa lisanafike pamutu abwerera kale, njinga ili yopanda katundu.

Tsiku lina, chinali chaka chotsatira chija tinabwerera kuchokera ku Biriwiri... ayi, ndanama, panali patapita zaka ziwiri, chifukwa denga la malata linalipo kale. Kunabwera bambo wina wa ku Tsangano ndi khasu latsopano, akuti ndikhomereni mpini pompano, mvula yagwa, mawa ndikufuna kukweza mizere ya mbatata. Amalume analitenga khasulo, kulitembenuza uku, kulitembenuza uku, kuyang'ana kansonga kake kolowa mumpini kaja, n'kuti, "Mugona konkuno." Bamboyo anakwiya, akuti ena amakhoma munthu ali chiimire. Amalume anangowauza akazi awo kuti awonjezere ufa. Ndiye anaboola mpini woyamba ndi chitsulo chamoto, utsi uli tolotolo, kuyesa khasu, likugwedera pang'ono, pang'ono penipeni moti ineyo sindinaone. Anautaya kuseri kwa nkhokwe. Wachiwiri unang'aluka. Wachitatu unali bwino ndithu, bamboyo mpaka anaimirira kuti alipire, amalume n'kuugogoda pamwala kawiri, kumvetsera, kupukusa mutu. Unapita kuseri kwa nkhokwe nawonso. Wa m'mawa mwake ndiye unagwira. Ankati mpini suukakamiza, khasu ndilo limanena ngati lakhala.

Ndipo mulu wa kuseri kwa nkhokwe uja, asuweni, tisanamizane pamaso pa amayi, amene ankautapa n'kukagulitsa kwa anyamata a ku dimba timamudziwa. Ukathyoka m'munda mwa eni ake dzina loipa linali la amalume. Ndi nkhani ya mbuzi ija zinangotsatizana mwezi umodzi. Hahaha, musatuluke m'gulu, sindipitiriza.

Ntchito yangayi ndi yomweyo. M'mabuku anga muli timankhwala toposa 300 timene ndinapanga ndi manja angawa, ndipo pafupifupi tonse tili kuseri kwa nkhokwe. Kena kamalowa m'kamphako koma kamagwedera. Kena kamagwira bwino m'mbale, ukakapereka kwa mbewa chiwindi chimakaphwanya kasanafike pa chotupa. Kena kamagwira puloteni imene ukufuna n'kugwiranso ina ya mtima. Ngakhale mankhwala amene apambana zonsezi n'kufika poyesedwa pa anthu, mwa khumi alionse asanu ndi anayi amagwa. Kuyambira pa benchi ngati yangayi kufika m'botolo la m'chipatala pamapita zaka 10 mpaka 15, zikayenda bwino.

Mumve iyi. Pali puloteni ina dzina lake KRAS, imene imayendetsa khansa zambiri za kapamba, za m'matumbo ndi za m'mapapo. Mtundu wa mapuloteni amenewa anauzindikira m'khansa za anthu mu 1982. Kwa zaka 30 akatswiri ankangoti ilibe pogwira, ndi yosalala ngati mwala wa mumtsinje. Mu 2013 gulu la Kevan Shokat ku San Francisco linapeza kamphako kobisika. Mankhwala oyamba olowa pamenepo, sotorasib, anavomerezedwa ku America mu 2021. Werengani nokha, inu odziwa kuwerenga matumba a mbatata: zaka 39. Ndiponso amathandiza kagulu kamodzi kokha ka odwala, amene KRAS yawo inalakwika mwa njira imodzi yokhayo. Khansa si nthenda imodzi, asuweni. Ndi nthenda mazana zimene zinangogawana dzina. Botolo limodzi loti ndingakukwezereni pa basi, lochiza zonse, kulibe ndipo silikubwera.

Komanso pajatu azakhali munamva kuti kaduwa kapinki ndi koyera kaja, kamene agogo anadzala m'mbali mwa khonde, kamachiza khansa. Pali choona pamenepo. Kwawo kwa duwalo ndi ku Madagascar, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ofufuza amene ankafunamo mankhwala a shuga anapezamo ena, amene lero ndi vinblastine ndi vincristine. Ana ambiri odwala khansa ya m'magazi ali moyo chifukwa cha iwo. Koma kuti apeze galamu imodzi pamafunika masamba ouma makilogalamu mazanamazana, ndipo amaperekedwa mumtsempha, ndi muyeso, namwino ali pompo. Kuwiritsa masambawo mumphika ndi kumwa poizoni basi. Chonde azakhali, musamwetse munthu.

Eee... ndabwereranso kwa amalume, mundipirire. Ndinali chaka chachitatu ku Maputo pamene anayamba kusiya nsima. Ankati mano avuta. Akazi awo kuwaphikira phala, iwo n'kumati ndi limene alikonda masiku ano. Kenaka phala lomwe linayamba kukana, anatsala ndi thobwa, nalonso losefa. Munthu amene ankamva mpini wong'aluka pougogoda kawiri kokha, akanalephera kumva kuti pakhosi pake pali chinthu? Anadziwa. Amayi anawapempha kangati kuti tiyeni ku chipatala, inu munabwera ndi ngolo mpaka pakhomo, mukukumbuka, iwo anakhala pa kampando kaja osasuntha. Zimene ankayankha ndinadzazimva maliro atatha, chifukwa nonse munagwirizana zondibisira kuti ndilembe mayeso. Ankati, "Mwana wa mlongo wanga akuphunzira zamankhwala. Ndidikira abwere nawo."

Pepani... ndimwe madzi pang'ono.

Pamene munawanyamula kupita nawo ku Tete, kutentha kuja, munthu atatsala mafupa okhaokha, adokotala anati mwachedwa. Miyezi khumi ndi umodzi chiyambire kusiya nsima. Ineyo nthawi imeneyo ndinali kuphunzira kutsuka mabotolo ndi kuyeza asidi. Ndinalibe kanthu koti n'kubwera nako, ndipo akanandifunsa ndikanawauza kuti pitani lero. Khansa ya kummero ndi yovuta ngakhale uifulumirire, sindikunamizani. Koma akanatha kumeza, akanapeza chochepetsa ululu, mwina tikanakhala nawo nyengo ina ya mapichesi.

Ndiye ndikaona funso lanu lija, "udzawapeza liti, utitumizireko," ndikumva mawu a amalume. Sinditchula munthu m'gulu muno. Koma amayi anandiuza amene sanapite kudimba chikumbireni mbatata, ndi amene anabwerera panjira tsiku la sadaka lija. Asuweni, musandidikire. Munthu amene mukumuganizirayo mupite naye ku chipatala sabata ino.

Ndipo poti ndayamba, ndiyankhule ndi amayi nonse muli muno, musachite manyazi, ndine mwana wanu koma izi ndikuzidziwa. Khansa imene ikutha amayi ambiri m'dziko lathu la Mozambique ndi ya khomo la chiberekero. Imeneyi ndiye sitikufunika kuidikirira mankhwala atsopano ayi. Gwero lake limadziwika, ndi kachilombo ka HPV. Amene anatulukira zimenezi, Harald zur Hausen wa ku Germany, analandira mphotho ya Nobel mu 2008. Kachilomboka kamatenga zaka zambiri, nthawi zina zoposa khumi, kasanayambitse khansa, ndipo kwa amene ali ndi HIV kamafulumirirapo. M'zaka zonsezo namwino akhoza kuona. Amapaka viniga pa khomo la chiberekero, viniga ngati wa kukhitchini yemweyu, pakapita mphindi imodzi malo oyamba kulakwika amayera. Akawaona msanga amawapsereza ndi kachipangizo kozizira kwambiri kapena kotentha, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Magazi obwera pa nthawi yosakhala yake, magazi pambuyo pokhala pamodzi ndi abambo, magazi kwa munthu amene anasiya kale kusamba, chikazi cha fungo chosatha, kapena kabulu m'bere, zimenezo si zokhala nazo mwezi. Nthawi zambiri zimapezeka kuti si khansa n'komwe, ndi matenda ena ochizika ndi mapilitsi. Koma wonena zimenezo akhale namwino atayang'ana.

Zikapezeka kuti zapitirira, njira ilipobe, kungoti ndi yaitali ndi yodula: opaleshoni, kapena kukawotcha ndi makina ku Maputo, pamodzi ndi diripi ya cisplatin, mankhwala amene akhala akugwira ntchito kuyambira 1978. Kuchokera ku Angónia kukafika ku Maputo mukudziwa nokha kutalika kwake, ndi amene angatsale ndi ana. N'chifukwa chake ndikulimbikira za viniga uja, pamene nkhani ikadali yothera pafupi. Asungwananso, katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2021 kwa a zaka 9. Achemwali, mwana wanu wachiwiri uja wakwanitsa chaka chino, eti? Yang'anani pa khadi lake.

Aaa, foni ikundiuza kuti ndadutsa mphindi khumi. Asuweni, ndikudziwa mmene mulili. Mumaseka kwambiri pamene mwaopa, kuyambira tili ana, tsiku la ng'ombe ija munaseka mpaka kugwa pansi miyendo ikunjenjemera. Mwafunsa mozungulira kuti pasakhale wokufunsani, ndipo ine sindikukudzudzulani. Ntchito yangayi ndimaikonda, ndipo ndidzaigwira mpaka maso atafooka. Mwina kamodzi mwa timankhwala tangati kadzathandiza mdzukulu wa munthu wina. Koma wa m'nyumba mwanuyo sangadikire zaka 15. Musandidikire ine. Chimene chingamuthandize chili pa chipatala cha pa Ulongwe pomwepo, mukafunse za kuyeza khomo la chiberekero, ndipo akakutumizani ku Tete mupite osazengereza.

Ndipo mupite naye nokha. Osangomupatsa ya chapa, minibasi ija, n'kubwerera kudimba, ayi. Mukhale pa benchi panja mpaka atuluke, mumve limodzi zimene anena. Akakupatsani pepala lililonse mulijambule munditumizire kumbali, osati m'gulu muno, ndili ndi anzanga madokotala a odwala amene angandithandize kuliwerenga. Mbatata sizithawa, anyamata a azakhali akumba.

Ya chapa ndi ya chakudya cha panjira ndapempha achimwene a ku Moatize akuponyereni pa M-Pesa madzulo ano, ine ndibweza kwa iwo. Musakane, si ngongole. Lachiwiri, asuweni. Musadikire mankhwala anga, Lachiwiri m'mawa mukhale muli pamzere. Ndikuimbirani usiku uno cha m'ma 8 koloko, anawo atagona, ndipo mumupatse foni ndiyankhule naye ndekha. Maselo anga akwana nthawi yowerenga, ndathawa. Amayi, kapu ija musaiwale kumwera mankhwala a BP.